Masana "bwana", madzulo "iwe wa ka Mira"

Ntchito yanga ndi udalaivala. Ndimayendetsa galimoto za kampani ina kuno ku Lilongwe, ndipo imene ndimakhala nayo nthawi zambiri ndi ya abwana akuluakulu: Land Cruiser V8 yoyera, yamagalasi akuda kumbuyo, yopanda chizindikiro chilichonse pachitseko. Ndikaweruka ndimaitsekera ku ofesi n'kulowa m'kagalimoto kangakanga, ka Daihatsu Mira, ulendo wa kunyumba ku Area 25. Woyendetsa ndi yemweyo, misewu ndi yomweyo, koma anthu amene ndimakumana nawo masana ndi amene ndimakumana nawo madzulo mungayese ndi a mayiko awiri.

Kwa amene simukadziwa ka Mira, ku Japan kuli gulu la tigalimoto timene lamulo lawo linatiikira malire: injini isapitirire 660cc, mulitali musapitirire mamita 3.4, mulifupi mamita 1.48. Kanga kanadzera njira imene galimoto zambiri za m'dziko muno zimadzera, pa sitima mpaka ku Dar es Salaam, kenako pamsewu ndi nambala yongodutsira ya IT, n'kudzalowera pa Songwe. Kulemera kwake sikakwana tani imodzi. V8 ija injini yake ndi ya pafupifupi 4,500cc, ndipo imalemera kuposa matani awiri ndi theka. Mukaziimika pamodzi, denga la Mira limalekeza pakati pa magalasi a inzakeyo.

Nkhani imayambira polowa mumsewu waukulu. Aliyense wochokera ku 25 m'mawa akudziwa mmene galimoto zimathinanira cha ku Kanengo, mathiraki, maminibasi, ma Sienta, akabaza nawo akulowerera paliponse pamene paoneka kampata. Ndikakhala pa Mira ndimayatsa indiketa, kutsitsa galasi, kutulutsa dzanja, mutu nawo kuugwedeza mopempha. Amene akubwerayo wandiona bwinobwino, koma amaumitsa khosi n'kuyang'ana kutsogolo, kenako amaponda mafuta pang'ono kuti mpata umene unalipo utsekeke. Wachiwiri chimodzimodzi. Kumbuyo kwangako minibasi yayamba kale kuliza hutala, kondakitala watulutsa theka la thupi pawindo: "Talowa iwe wa ka Mira! Ukudikira kalata?" Ndikachedwa pang'ono, chotsatira chake ndi chija mumachidziwa kale: "Laisensi yogula!" Amene amadzandimvera chisoni kawirikawiri amakhala mnzanga wa Passo kapena wa Vitz, apo ayi dalaivala wachikulire wa lole amene amandithwanimitsira magetsi kuti lowani.

Pa V8 sindipempha. Ngakhale dzanja sinditulutsa. Ndikangosuzumiritsa mphuno ya galimoto, mzere umaima wokha, ndipo minibasi yomwe ija imadikira mwaulemu, kondakitala ali duu pampando wake. Pa raundabauti lamulo limati upereke mpata kwa wochokera kumanja kwako, koma ndikakhala pa V8 ndimaona ochokera kumanjawo akuponda mabuleki kundipatsa ine njira imene si yanga. Nthawi zina ndimachita kuwakodola kuti pitani, ndi nthawi yanu, iwo n'kumakayikabe.

Za pageti ndiye musakambe. Ndi V8, geti limatseguka ndisanaime n'komwe. Mlonda amapereka sawatcha, wina akuthamanga kukachotsa chigubu chimene anatchingira malo apamthunzi pafupi ndi khomo. Palibe wofunsa kuti ndine ndani, palibe wotsegula kumbuyo. Ndi Mira mafunso ake amakhala ngati ndikufunsira mbeta. Mukufuna ndani? Akukudziwani? Tatsegulani kumbuyo. Lembani dzina apa, nambala ya foni apa.

Pali hotela ina mumzinda muno imene ndimakatulako abwana kumisonkhano kawirikawiri, moti mlonda wa pageti timapatsana moni. Loweruka lina ndinapita komweko ndi banja langa ku phwando la ukwati wa mwana wa mnzanga, titatchena ndithu, ine ndili m'suti. Mlonda yemwe uja anaimika dzanja, osayang'ana n'komwe nkhope ya woyendetsa, n'kuloza panja pa mpanda: "Ma taxi uko." Nditatsitsa galasi n'kumutchula dzina, anagwira pakamwa. Tinaseka, anandilowetsa. Koma zimene anandiuza titakumananso mkati mwa sabata ndi zimene zinandikhala mumtima. Anati: "Achimwene, musandiimbe mlandu. Wa galimoto yaing'ono ndikamuimitsa molakwika, amangodandaula n'kumapita. Wa yaikulu ndikamuimitsa molakwika, mawa ndilibe ntchito."

Mlonda ameneyu anafotokoza nkhani yonse kuposa mmene ine ndingathere. Ulemu umene V8 imalandira pamsewu si ulemu weniweni. Ndi mantha. Munthu amawerengera mwachangu mumtima kuti ndikamulakwira uyu chindichitikire n'chiyani, ndipo chimene amayang'ana powerengerapo ndi kukula kwa galimoto basi, chifukwa nkhope ya mwini wake sakuiona. Magalasi akuda aja amagwira ntchito yaikulu. M'katimo mwina muli nduna, mwina mkulu wa asilikali, mwina loya woti akukokera kukhoti, mwinanso muli ine ndekha, dalaivala wa ku 25 amene ndatumidwa kukagula mabotolo a madzi. Woyang'ana panja sangadziwe, ndiye amasankha kulakwira mbali yosapweteka.

Manthawa tinachita kuwaphunzira. Kuyambira nthawi ya Kamuzu, msewu umatsekedwa mtsogoleri akamadutsa, aliyense n'kupatukira kumbali mpaka mdipiti wonse utatha. Tinakula tikuona kuti galimoto zazitali, zothwanimitsa magetsi, sizidikira munthu. Nambala nazo tinaphunzira kuziwerenga, MG ndi ya boma, CD ndi ya akazembe. Ndiye lero munthu wamba amene ali ndi Prado yakuda akangoyatsa mahazadi n'kulowa mbali ya galimoto zobwera, anthu amapatuka asanaganize n'komwe. Ndawaonapo ena akudziphatika kumbuyo kwa ambulansi kuti adutse nayo limodzi. Wa Vitz atayesa zimenezo sangayende mamita makumi awiri asanatsekeredwe njira ndi kutukwanidwa.

Palinso mantha a m'thumba. Ambirife inshuwalansi yathu ndi ija ya third party, yongokwaniritsa lamulo. Nyali yakutsogolo ya V8 itasweka ku ofesi, ndinaona koteshoni ya yatsopano n'kupukusa mutu: ndalama imeneyo ine ndingagulire injini yakale ya Mira n'kutsala ndi chenji. Wa kabaza amene njinga yake ndi yabwana wake, amene amayenera kupereka ndalama yatsiku madzulo aliwonse, akudziwa kuti akangokanda chitseko cha galimoto yoteroyo ndiye kuti chaka chake chathera pomwepo. Ka Mira akakakanda amangokweza dzanja, "pepani madala", n'kumapita. Ndipo tisaiwale chitsulo chenichenicho. Matani awiri ndi theka akawombana ndi kagalimoto kosakwana tani imodzi, aliyense akudziwa amene atuluke akuyenda yekha. Kupatuka kwa wa galimoto yaing'ono nthawi zambiri ndi nzeru chabe.

Pamene ndinazionera bwino zimenezi ndi pamizere ya mafuta, imene inayamba kutivutitsa mu 2022. Usiku wina ndinagona pa filling station ina ndi ka Mira, titamva kuti thanki ifika m'mawa. Pamzere pamakhala chibale china chake. Amene ali kutsogolo kwako amakusungira malo ukapita kukagula tiyi, wina amayendetsa nkhani za mpira, wina wagona pampando wakumbuyo miyendo ili pawindo. Thanki itafika, anthu atadzuka ndi maso ofiira, kunatulukira Fortuner yakuda, yonyezimira ngati yangochoka kotsukitsa, n'kulowera kotulukira. Inakaima pa pampu mwachifatse. Anthu anang'ung'udza ndithu, koma chapansipansi. Wina anati "ndi za boma izi", wina anati "mwina ndi eni ake a pano". Palibe amene anasendera pafupi. Inamwa mafuta, inapita, woyendetsa sitinamuone n'komwe.

Pasanathe nthawi yaitali mnyamata wina wa ka Nissan March anayesa njira yomweyo. Anthu anamuunjirira galimoto isanaime. Ena akumenya denga ndi zikhato, ena akufuna kumulanda makiyi, mayi wina akukuwa kuti "ife tagona pano ngati zitsiru?" Mnyamatayo ankayesa kufotokoza kuti ali ndi wodwala kunyumba, koma palibe anamumvera. Anamukankha chobwerera mpaka kumsewu. Mkwiyo wonse umene anthu anaumeza pa Fortuner ija unathera pa iye. Mlandu unali umodzimodzi, koma chilango chinapita kwa amene anthu sankamuopa.

Ndinkayesa kuti khalidweli ndi lathu lokha, la umphawi, mpaka mwana wanga wamkazi amene ali ku koleji atanditumizira nkhani ina pa WhatsApp. M'chaka cha 1968, akatswiri awiri, Anthony Doob ndi Alan Gross, anasindikiza zotsatira za kafukufuku amene anachita ku California m'dziko la America. Ankaimika galimoto pa maloboti, magetsi obiriwira akayaka iwo osanyamuka, kuti aone ngati wakumbuyo aliza hutala. Akagwiritsa ntchito galimoto yakale yosaoneka bwino, anthu 84 pa 100 aliwonse ankaliza hutala. Akagwiritsa ntchito Chrysler yatsopano yodula, amene ankaliza anali 50 pa 100 okha, ndipo ankayamba adikira kaye. Mu 2012, gulu la Paul Piff wa ku University of California, Berkeley linayang'ana mbali inayo, khalidwe la oyendetsawo, ndipo linapeza kuti a galimoto zodula ndi amene ankadula anzawo pamphambano kawirikawiri, komanso ndi amene ankakonda kusaimira munthu wofuna kuwoloka msewu.

Iwowo ankayeza mtengo wa galimoto, osati kukula kwake. Kwathu kuno ziwirizi zimayendera limodzi nthawi zambiri, komabe ine ndimaona kuti kutalika kumaposa mtengo. Benz yaifupi imalandira sawatcha pageti, koma pamsewu wa Malangalanga minibasi imaipanikiza ndithu. Hilux yakale, yophwanyika mbali imodzi, yokhala ndi chitsulo kutsogolo, palibe amene amaipanikiza.

Za kafukufuku wachiwiriyo ndilibe nazo mtsutso, chifukwa mpando wa V8 ndimaudziwa. Umakhala pamwamba, phokoso la panja silikufika, maenje sukuwamva, liwiro la 120 limamveka ngati 70. Anthu akakupatukira tsiku ndi tsiku, mtima umayamba kukhulupirira kuti njirayo ndi yakodi. Ndawaona madalaivala anzanga, anyamata aulemu amene amabwera ku ntchito pa minibasi, akungogwira chiwongolero cha galimoto yaikulu n'kusanduka anthu ena, kuthwanimitsira anzawo magetsi kumbuyo, kuwakakamiza kuti atsikire m'fumbi. Madzulo amakaimanso pa siteji n'kumadandaula za oyendetsa amwano.

Musaganize kuti galimoto yaikulu imangodya zabwino zokhazokha. Nayonso imaweruzidwa, kungoti chiweruzo chake chimanenedwa itadutsa kale. Chichitikireni nkhani ya Cashgate mu 2013, pamene ndalama za boma zinkapezeka m'mabuti a galimoto, munthu wachinyamata akagula galimoto yaikulu funso loyamba silikhala lakuti amagwira ntchito yanji. Amangoti "waba kuti?" Kumudzi ena amati anakhwima. Akakhala mayi, funso limasintha: "anamugulira ndani?" Anthu omwe aja amene akupatukira pamsewu ndi amene akukutcha wakuba pansi pa mtengo wa mango.

Mitengo ya zinthu nayo imadziwa kuwerenga galimoto. Pobwera kuchokera ku Blantyre abwana amakonda kugula kachewere pa Tsangano turn-off ndi masamba pa Lizulu. Ndikaimika V8 pamaso pa ogulitsa, ndowa imene ndimaidziwa mtengo wake imakwera nthawi yomweyo, ndipo ukanenerera amakuseka: "Aaa bwana, inunso?" Masiku ano tinapangana. Ndimakaimika patali, abwana n'kutsala m'galimoto, ine n'kubwerera wapansi jekete nditavula. Kumaliro kumudzi, wofika pa galimoto yaikulu amapatsidwa mpando kutsogolo, koma mbale ya chipepeso ikamadutsa maso onse amakhala pa dzanja lake. Ineyo ndapemphedwapo ndalama ya fizi, ya feteleza, ya mankhwala, ndi anthu amene mwina malipiro awo amaposa anga, chifukwa choti anandiona ndikutsika m'galimoto imene ngakhale tayala lake limodzi sindingaligule ndi malipiro a mwezi.

Choopsa kwambiri ndi ngozi. Galimoto yaikulu ikagunda munthu pa malo ochitira malonda, gulu silifunsa kuti wolakwa ndani. Mantha aja amatembenuka nthawi yomweyo n'kukhala miyala. N'chifukwa chake madalaivala timalangizana kuti zikaoneka kuti anthu akusonkhana mwaukali, thamangira ku polisi yapafupi ukadzipereke wekha. Ulemu wa mantha umatha pamene anthu achuluka mokwanira kuti asaopenso.

Ndiye pali Sienta, imene ili ndi mlandu wakewake. Galimotoyi ili ndi mipando 7, injini ya 1,500cc, simamwa mafuta ambiri, n'chifukwa chake inalanda bizinesi ya maminibasi m'misewu yambiri. Vuto ndi lakuti tsopano aliyense wa Sienta amatengedwa ngati wamatola. Neba wanga ndi mphunzitsi, anaigula chifukwa ali ndi ana anayi ndi apongozi pakhomo. Nambala yake si yofiira, koma akamayenda anthu amamuimika m'njira monse, ena amachita kutsegula chitseko okha akaima pa maloboti. Pa rodibuloko amamupatula pafupifupi nthawi zonse, n'kumufunsa kuti anthu awa akulipira zingati. Iye amati tsiku lina adzayamba kuyenda ndi makadi a sikelo a ana ake ngati umboni. Pamene double cab yodzaza anthu mpaka kumbuyo imangokodoledwa kuti dutsani.

Mayi akunyumba nawo amayendetsa ka Mira, makamaka Loweruka popita kukaoda katundu wa kagolosale kathu ku Old Town. Zimene ine ndimakumana nazo, iwo amakumana nazo kawiri. Amayendetsa bwino kuposa anyamata ambiri amene ndawayesapo ku ntchito, koma akangochedwa kunyamuka pa mlatho wa Lilongwe, mawu ake amakhala akuti "azimayi inu, kaphikeni!" Tsiku lina wa minibasi anawapanikiza mpaka tayala linagwera m'ngalande, iye n'kumapita akuseka. Anafika kunyumba manja akunjenjemera. Mchemwali wawo amayendetsa Ford Ranger ya kuntchito kwake, ndipo amati chiyambireni sanatukwanidwepo pamsewu. Kwa iye aliyense amati "madam".

Ukaipa dziwa nyimbo. Wa galimoto yaing'ono amayenera kukhala dalaivala wochenjera kuposa wa yaikulu, chifukwa palibe amene amukhululukire. Pa M1 usiku, galimoto zazitali nyali zake zimalunjika m'maso mwako ndendende ngakhale atazitsitsa, ndipo ambiri sazitsitsa akaona kuti wobwerayo ndi wamng'ono. Thiraki ikamapitirira inzake n'kukuona iwe ukubwera, imangokuthwanimitsira magetsi, kutanthauza kuti tsika. M'mphepete mwa phula mwambiri munadyeka, pali chidikha choti V8 siichimva n'komwe koma Mira chingaigudubuze. Ndiye umaphunzira kuwerenga msewu patali, kuchepetsa liwiro msanga, kusunga mpata wothawirako. Luso langa lenileni la udalaivala ndimaligwiritsa ntchito madzulo, pa galimoto imene sindilipidwa poiyendetsa.

Sindikunena kuti galimoto zazikulu n'zosafunika. Amene anayendapo msewu wa ku Neno nthawi ya dzinja, kapena wochokera ku Rumphi kukwera ku Nyika, sangalankhule zimenezo. Namondwe wa Freddy atawononga misewu ndi milatho ya kummwera mu March 2023, galimoto zimene zinkafika kwa anthu ku Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje sizinali ma Vitz. Ngakhale kwathu ku 25 konkuno, mvula ikagwa bwino pali tinjira timene ka Mira kamakhula mimba pansi, ndipo mahampu ena amene anthu amadziumbira okha pakhomo pawo ndimachita kuwakwera chammbali. Misewu yathu imamupatsa munthu chifukwa chomveka chofunira galimoto yaitali. Koma tinene zoona, ma V8 ambiri a mumzinda muno ulendo wawo ndi wochoka ku Area 10 kapena 43 kupita ku City Centre, n'kubwerera. Giya ya four wheel sinagwirepo ntchito chigulireni. Matope amene anawaonapo ndi a pa malo oimikapo galimoto ku tchalitchi.

Ku Paris, mu February 2024, anthu anavota kuti galimoto zolemera kuyambira matani 1.6 zochokera kunja kwa dera zizilipira katatu poimika mumzinda. Kwathu kuno msonkho wolowetsera galimoto umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka zake, moti pa pepala wa galimoto yaikulu amalipira zambiri. Koma aphungu a Nyumba ya Malamulo amaloledwa kulowetsa galimoto popanda msonkho, ndipo V8 zambiri zimene mumaziona ndi za boma, za makampani kapena za mabungwe, mafuta ake ndi a pa khadi. Amene amakonza malamulo a pamsewu ndi bajeti yokonzera maenje ambiri a iwo sakhala pampando wa Mira, ndipo dzenje limene kwa ine ndi tayala lophulika ndi rimu yopindika kwa iwo ndi kaphokoso chabe pansi pa galimoto.

Ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, petulo n'kufika pa K2,530 pa lita, ndinaona zachilendo ku ofesi. Mabwana amene ankakaseka ka Mira anayamba kukazungulira pa malo oimikapo galimoto, kufunsa kuti kamayenda makilomita angati pa lita. Mmodzi anagula Honda Fit yoti aziyendera m'tauni. Sipanapite miyezi yambiri, anabwerera ku double cab yake. Nditamufunsa anati mafuta ankapulumutsadi, koma sakanatha kupirira. "Anthu alibe ulemu pamsewu masiku ano, a dalaivala," anatero. Sindinamuuze kuti anthuwo sanasinthe, ndi iye amene anangotsika n'kukaona mmene msewu umaonekera pansi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa V8 si mwano wa anthu ayi, koma zimene sindiona ndikakhala pampando paja. Boneti yake ndi yaitali komanso yotukuka, moti mwana wa sitandade 1 ataima pafupi ndi bampala sindingamuone. Ndinaziyesa ndekha pa ofesi ndi chigubu cha malita 20, kuchisuntha pang'onopang'ono mpaka chitayamba kuoneka, ndipo mtunda wake unandiopsa. Bungwe la Insurance Institute for Highway Safety la ku America linapeza mu 2023 kuti galimoto zimene boneti yake yatukuka kupitirira mainchesi 40 kuchokera pansi, kutanthauza mita imodzi ndi pang'ono, zikagunda munthu woyenda pansi mpata woti afe umakwera ndi pafupifupi 45 peresenti poyerekeza ndi zaboneti yotsika komanso yotsetsereka. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Galimoto yaifupi imamenya miyendo, munthu n'kugwera pa boneti. Yaitali imamenya chifuwa ndi mutu, n'kumugwetsera pansi pa matayala. Ndipo m'dziko muno ambiri mwa amene amafera pamsewu ndi oyenda pansi ndi apanjinga, anthu amene alibe chitsulo chilichonse chowatchinga.

Apa ife a tigalimoto tating'ono tisadzione ngati oyera. Pamsewu zimayenda ngati nkhuku pa madeya: tambala ajompha thadzi, thadzi lijompha msoti, msoti nawo ukaphwetsera mkwiyo pa anapiye. Wa Passo amene wangopanikizidwa ndi Prado amapanikiza wa kabaza. Wa njinga yamoto amaopseza wa njinga yakapalasa amene wanyamula matumba a makala. Wa makalayo amalizira belu mayi wosenza ndowa kuti achoke. Imani tsiku lina pa malo owolokera anthu pafupi ndi sukulu iliyonse ya pulaimale nthawi yoweruka, muwerenge galimoto zimene ziime zokha popanda mphunzitsi kapena wapolisi woimika dzanja. Ana amaphunzira msanga kuti mizere yoyera ija si yawo, amangodikira mpata n'kuthamanga. Ndipo amene sakuima aja si a ma V8 okha. Ma Mira ndi ma Vitz ali momwemo, mwinanso ndi amene achuluka, poti ndi amene ali ambiri pamsewu.

Kunyumba kwathu nkhaniyi yafika pa bajeti. Chichitikireni za m'ngalande zija, mayi akunyumba akufuna tigulitse ka Mira tipeze X-Trail kapena RAV4, ngakhale yakale. Ndinayamba kuwawerengera za mafuta, za matayala a saizi yaikulu, za msonkho wa injini ya 2,000cc, za mashoko amene mtengo wake ndi wosiyana kwambiri ndi wa Mira. Anandimvetsera mpaka nditamaliza, kenako anati: "Bambo a Chisomo, ine sindikunena za maenje. Ndikufuna ndizipita ku Old Town n'kubwerako popanda wonditukwana." Mayi ena awiri a m'gulu lawo la banki m'khonde anasintha kale galimoto pa chifukwa chomwechi, ndipo mmodzi anachita kutenga ngongole.

Ndinakafunsa mtengo kwa mnyamata amene amaitanitsa galimoto ku Japan. Ndalama imene tingapeze pa Mira sikukwana ngakhale theka, ndipo akuti ndiganize msanga chifukwa mtengo wa dola umene akuwerengera lero sangaulonjeze mwezi wamawa.